Kodi wosewera baseball amasiya liti kutchedwa rookie?

Chimwala wa ku Nchalo:

Akuluakulu odziwa za baseball, ndithandizeni. Randy Arozarena anamenya ma home run 10 m'ma playoff a 2020, timu yake ya Tampa Bay n'kufika mpaka ku World Series, ndime yomaliza yolimbirana chikho, aliyense wotsatira masewerawa n'kumudziwa. Koma mu 2021 ndi m'mene anapatsidwa mphoto ya Rookie of the Year, ija ya wosewera watsopano amene waposa anzake. Munthu amene anayamba kusewera mu MLB, ligi yaikulu ya baseball ya ku America, mu 2019 akhala bwanji watsopano mu 2021? Malire ake ali pati? Amawerenga magemu, miyezi, kapena zaka zakubadwa? Ndikufuna manambala enieni chifukwa anyamata amene timatsatira nawo masewerawa pa foni kuno aliyense akunena zake.

Dzombe wa ku Ngabu:

A Chimwala, zaka zakubadwa sizilowa n'komwe m'nkhaniyi, ndipo magemu sawerengedwanso. Pali malire atatu, ndipo wosewera akangolumpha amodzi okha, u-rookie watha. Kwa omenya mpira, malire ndi ma at-bat 130, kutanthauza maulendo okaima kukamenya mpira. Kwa oponya, ndi ma inning 50, kutanthauza zigawo za gemu zimene waponya. Kwa onse, ndi masiku 45 dzina lili pa kaundula wa osewera amene timu ikuloledwa kuwagwiritsa ntchito pa gemu, amene eni ake amati active roster. Manambala atatuwa akhala choncho kuyambira 1971.

Lamuloli limanena za kupitirira, osati kufika. Amene waima pa ma at-bat 130 ndendende akadali rookie, wa 131 ndiye wachoka. Chimodzimodzi masiku: 45 palibe kanthu, 46 zatha.

China chimene chimasokoneza anthu n'chakuti amayang'ana za nyengo zam'mbuyo zokha. Kuwerengera kumachitika nyengo yatsopano isanayambe. Mnyamata akalowa mwezi wa Epulo ali ndi ma at-bat 90 a chaka chatha, ndi rookie nyengo yonseyo, ngakhale amenye ena 600 pofika Seputembala. U-rookie suthera pakati pa nyengo ngati mayunitsi a foni. Koma zam'mbuyozo amaziphatikiza zonse, zaka zonse ndi matimu onse a MLB amene wadutsako. Ma at-bat 50 chaka chino, 50 chaka chamawa ndi 40 chaka chinacho ndi 140, ndiye kuti m'chaka chachinayi salinso rookie ngakhale sanakhalepo mwezi wathunthu akusewera tsiku ndi tsiku.

Tsopano za Arozarena. Mu 2019 ali ku St. Louis Cardinals anali ndi ma at-bat 20 okha. Mu 2020 ku Tampa Bay anabwera mochedwa, kumapeto kwa Ogasiti, m'nyengo imene inali yofupikitsidwa kale chifukwa cha COVID-19, ya magemu 60 m'malo mwa 162, ndipo anamenya ma at-bat 64. Kuphatikiza ndi 84, kutali ndi 130. Zonse zimene anachita mu Okutobala, zija zinamutchukitsa, sizilowa m'kaundulayu chifukwa ma playoff sawerengedwa, kaya ndi ma at-bat, ma inning kapena masiku. Magemu okonzekera a mu Febuluwale ndi Malichi sawerengedwanso, ndipo za m'ma ligi ang'onoang'ono, ngakhale munthu atakhalako zaka 8, n'zosawerengedwa.

Mukayang'anitsitsa muona kuti malire atatuwa akuyeza chinthu chimodzi. Womenya wosewera tsiku lililonse amapeza ma at-bat atatu kapena anayi pa gemu, ndiye 130 amawakwanitsa m'magemu 35 kapena kuposerako pang'ono. Woponya woyambitsa gemu amaponya kamodzi pa masiku asanu, ma inning asanu kapena asanu ndi limodzi, ndiye 50 amawadutsa pa gemu yake ya 9 kapena ya 10. Zonsezi ndi mwezi ndi theka, ndipo mwezi ndi theka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nyengo ya miyezi 6. Ganizo lake ndi lakuti amene walawa kotala ya nyengo sangatchedwenso mlendo.

Nabanda wa ku Bangula:

A Dzombe afotokoza bwino, koma ndiwonjezere pa kawerengedwe, chifukwa anthu ambiri amatenga nambala yolakwika pa tebulo la zotsatira.

Pa tebulolo pamakhala mizere iwiri yofanana maonekedwe, PA ndi AB. PA ndi plate appearance, kutanthauza nthawi iliyonse imene womenya wakaima pa plate mpaka nkhani yake ndi woponya itatha. AB ndi at-bat, ndipo ndi yocheperapo nthawi zonse chifukwa pali zina zimene amachotsa. Woponya akaphonya kanayi womenya n'kupita ulere pa base yoyamba, imene amati walk, si at-bat. Mpira ukamugunda m'thupi, si at-bat. Akagunditsa mpira pang'ono dala kuti mnzake asunthe iye n'kutuluka, kapena akamenya m'mwamba kutali mpira n'kuwakhidwa mnzake n'kukagoletsa, zonsezo si at-bat. Wowakha kumbuyo akatchinga ndodo ya womenya, sizowerengedwanso. Lamulo la u-rookie limawerenga AB. Ndiye mnyamata wodekha, wodziwa kusiya mipira yoipa, akhoza kukaima pa plate ka 150 koma AB yake n'kukhala 128, ndipo akadali rookie, pamene mnzake wongomenya chilichonse wadutsa kale ngakhale anasewera magemu ofanana.

Chitsanzo chake chenicheni ndi Scott Rolen wa Philadelphia Phillies. Anakwezedwa pa 1 Ogasiti 1996. Pa 7 Seputembala anali ndi ma at-bat 130 ndendende, ndipo atapita kukamenyanso, mpira woponyedwa ndi Steve Trachsel wa Chicago Cubs unamugunda n'kumuthyola fupa la mkono. Nyengo yake inathera pomwepo. Poti kugundidwa ndi mpira si at-bat, nambala inaima pa 130. Akanangomenya mpirawo, kaya bwino kaya moipa, ikanakhala 131. Mu 1997 anasewera ngati rookie ndipo atolankhani onse ovotera mphoto ya Rookie of the Year anamuika pa nambala wani.

Kwa oponya, inning imodzi ndi ma out atatu amene woponyayo wapeza, kutanthauza osewera atatu a timu yomenya amene atulutsidwa, osati kuchuluka kwa nthawi zimene walowa m'bwalo. Ma inning 50 ndi ma out 150. Mukaona 49.2 pa tebulo musawerenge ngati masamu a kusukulu. Kadontho kaja kakutanthauza zigawo zitatu: .1 ndi out mmodzi, .2 ndi ma out awiri, ndipo .3 kulibe chifukwa imeneyo ndi inning yathunthu. Pophatikiza zaka ziwiri, 24.2 ndi 25.2 sizipanga 49.4. Ndi ma inning 49 ndi ma out anayi, kutanthauza 50.1, ndipo woponya ameneyu wapitirira ndi out mmodzi. Amene amalowetsa manambalawa mu kakyuleta ya foni amapeza yankho lolakwika pamenepa. Njira yosaphonya ndi kusandutsa zonse kukhala ma out, kuphatikiza, n'kuona ngati zadutsa 150.

Woponya amene walowa, n'kumenyedwa ndi anthu asanu osatulutsa ndi mmodzi yemwe, amalembedwa ma inning 0. Kwa iye amene akuwerengedwa tsiku limenelo ndi masiku okha.

Chimwala wa ku Nchalo:

Takhuta, amayi, za kadontho zija sindikanazitulukira. Koma pa masiku 45 paja, wina akuti masiku a mu Seputembala ndi aulere, sawerengedwa. Ndi zoona? Nanga tsiku limene timu sikusewera, kapena mnyamatayo wangokhala pa benchi gemu yonse, amaliwerenga?

Mlonda wa ku Thabwa:

Achimwene, amene wakuuzaniyo akunena lamulo lakale. Mpaka 2019 timu inkakhala ndi osewera 25, koma pa 1 Seputembala inkaloledwa kukweza aliyense amene ali pa kaundula wamkulu wa anthu 40. Benchi inkadzaza ndi anyamata amene mwina sankasewera n'komwe, ndiye zinali zomveka kuti masiku amenewo asawawerengere. Kuyambira 2020 kukweza kwa chipwirikiti kuja kunatha. Masiku ano timu imakhala ndi osewera 26, ndipo mu Seputembala amangowonjezera awiri kukhala 28. Masiku a Seputembala tsopano amawerengedwa ngati ena onse. Koma ma at-bat ndi ma inning a mu Seputembala ankawerengedwa kuyambira kale, ndi chifukwa chake Rolen anali pa ngozi ndi at-bat imodzi ija.

Funso lanu lachiwiri ndiye pali nkhani yaikulu. Amawerenga masiku a pa kalendala, osati masiku osewera. Zili ngati mlonda wa pa dimba: usiku umene mvuu sizinabwere amaulemberabe kuti anagwira ntchito. Dzina likakhala pa kaundula wa anthu 26, tsikulo lawerengedwa, kaya timu ili pa ulendo, kaya mvula yalepheretsa gemu, kaya mnyamatayo sanadzuke pa benchi. Amachotsa masiku amene ali pa mndandanda wa ovulala basi, ndi amene wabwezedwa ku ligi yaing'ono.

Ndi chifukwa chake malire a masiku ndi amene amagwira anthu ambiri, osati 130 kapena 50. Taganizani woponya wothandizira, uja amalowa kumapeto kukaponya inning imodzi. Pa masiku 46 mwina waponya ma inning 18 kapena 20. Pa tebulo akuoneka ngati sanayambe n'komwe, koma u-rookie wapita. Wowakha wachiwiri, amene amasewera kamodzi kapena kawiri pa sabata kuti mnzake apume, akhoza kukhala ndi ma at-bat 40 okha n'kupezeka wadutsa. Ovuta kuwawerengera ndi aja amakwera n'kutsika ngati minibasi ya Chikwawa ndi Blantyre: masiku 6 mu Meyi, 11 mu Juni, 3 mu Julayi, chaka chamawa chimodzimodzi. Tizidutswa timeneti timaphatikizidwa, ndipo sitioneka pa tebulo la zotsatira. Muyenera kutsegula mbiri ya kusamutsidwa kwake, n'kulemba tsiku lililonse limene anakwezedwa ndi limene anabwezedwa.

Matimu amawerengera zimenezi mosamala kwambiri. Nyengo imatha kumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Mukabwerera m'mbuyo masiku 45 mufika chapakati pa Ogasiti. Ndiye mukaona timu ikukweza mnyamata wake wodalirika Ogasiti atapendeka, dziwani kuti awerengera kale. Mu 2022 Arizona inakweza Corbin Carroll pa 29 Ogasiti, Baltimore n'kukweza Gunnar Henderson pa 31. Nyengo inatha pa 5 Okutobala, ndiye onse anali pansi pa masiku 40. Chotsala chinali kuyang'anira ma at-bat: Carroll anathera pa 104, Henderson pa 116. Onse awiri anazolowera ligi yaikulu kwa mwezi wathunthu, n'kulowa 2023 akadali ma rookie, ndipo aliyense anapata mphotoyo m'ligi yake popanda wotsutsa, poti MLB ili ndi ma ligi awiri, iliyonse ndi mphoto yake.

Fole wa ku Chikwawa boma:

Mwina wina adabwa kuti n'chifukwa chiyani timu ingavutike chonchi ndi chikho cha munthu mmodzi. Pali ndalama ndi zaka za kontirakiti pamenepa. Koma choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza: masiku 45 a u-rookie ndi masiku a ntchito, amene amati service time. Ndi mabuku awiri osiyana.

M'buku la ntchito, masiku 172 ndi chaka chimodzi, ngakhale nyengo imatalika kuposa pamenepo ndi masabata awiri. Wosewera akakwanitsa zaka 3 amayamba kukambirana malipiro pamaso pa oweruza ngati sakugwirizana ndi timu, ndipo akakwanitsa zaka 6 amakhala mfulu, akhoza kupita ku timu iliyonse imene ingamulipire bwino. Masiku a pa mndandanda wa ovulala wa MLB amalowa m'buku la ntchito, koma salowa m'buku la u-rookie. Ndiye mnyamata amene wakwezedwa mu Epulo, n'kuvulala chigongono patatha masiku 10, n'kukhala kunja mpaka nyengo kutha, amalembedwa chaka chathunthu cha ntchito koma chaka chamawa akadali rookie. Zimenezi zimachitika kawirikawiri kwa oponya.

Kale matimu ankasewera ndi nambala ya 172 ija poyera. Chicago Cubs inasunga Kris Bryant ku ligi yaing'ono kumayambiriro kwa 2015, n'kumukweza pa 17 Epulo. Anathera pa masiku 171, kuperewera limodzi lokha. Anapata Rookie of the Year chaka chomwecho, koma ufulu wake unachedwa ndi chaka chathunthu. Anakadandaula kudzera ku bungwe la osewera, ndipo mu 2020 chigamulo chinakomera timu. Ine ndimaona kuti mnyamatayo analakwiridwa ngakhale lamulo silinathyoledwe, ndipo osewera anzake anaona chimodzimodzi, chifukwa nkhaniyi inali m'gulu la zimene anakakamira pa mgwirizano watsopano wa 2022.

Mgwirizano umenewo unamangiriza u-rookie ku ndalama m'njira zitatu. Amene watha pa nambala wani kapena yachiwiri pa mavoti a Rookie of the Year amapatsidwa chaka chathunthu cha ntchito, kaya anakwezedwa liti. Adley Rutschman wa Baltimore anakwezedwa mu Meyi 2022, n'kutha wachiwiri, n'kulandira chaka chonse. Paul Skenes wa Pittsburgh anayamba pa 11 Meyi 2024, n'kupata mphotoyo, nayenso chimodzimodzi. Timu imene inachedwetsa mnyamata wotero imakhala kuti yangotaya magemu ake pachabe.

Njira yachiwiri ndi mphoto ya timu. Mnyamata akakhala pa mindandanda iwiri mwa itatu ya achinyamata 100 apamwamba, ya MLB Pipeline, Baseball America ndi ESPN, akadali rookie, masiku ake a ntchito sanapitirire 60, timu n'kumusunga m'ligi yaikulu chaka chathunthu, ndiyeno n'kupata Rookie of the Year, timuyo imapatsidwa mwayi wowonjezera wosankha wosewera pa draft, mwambo umene matimu amasankhira achinyamata atsopano, gawo loyamba likangotha. Seattle inaupeza ndi Julio Rodríguez mu 2022. Arizona ndi Baltimore anaupeza ndi Carroll ndi Henderson aja. Apa ndiye mukumvetsa chifukwa chake ankawerenga ma at-bat awo mu Seputembala: akanadutsa 130, mwayi umenewu ukanatayika nyengo ya 2023 isanayambe n'komwe.

Yachitatu ndi ya m'thumba mwa wosewera. Pali thumba la madola 50 miliyoni pa chaka logawira achinyamata amene sanafike pokambirana malipiro. Wopata Rookie of the Year amatengamo 750,000, wachiwiri 500,000. Malipiro otsikitsitsa mu MLB mu 2024 anali madola 740,000 pa chaka, ndiye mphotoyo payokha imaposa malipiro a chaka chonse a mnyamata woyamba kumene.

Chimwala wa ku Nchalo:

Zamveka, bambo Fole. Chomaliza: ngati ma ligi ena sawerengedwa, ndiye kuti katswiri wochokera ku Japan wa zaka 30 akhoza kupikisana ndi mwana wa zaka 21?

Dzombe wa ku Ngabu:

Eya, ndipo zachitika kangapo. Lamulo limadziwa MLB yokha. Hideo Nomo anapata mu 1995, Kazuhiro Sasaki mu 2000, Ichiro Suzuki mu 2001 ali ndi zaka 27 atasewera kale nyengo 9 ku Japan, ndipo chaka chomwecho anatenganso MVP, mphoto ya wosewera woposa onse m'ligi. José Abreu wochokera ku Cuba anapata mu 2014, Shohei Ohtani mu 2018. Si onse ovota amene amasangalala nazo. Mu 2003 atolankhani awiri sanamulembe n'komwe Hideki Matsui wa ku Japan pa mapepala awo, ndipo mphoto inapita kwa Angel Berroa.

Kwa ine atolankhani awiriwo analakwitsa. Wovota sapatsidwa mphamvu yolemba lamulo lake. Komanso mphotoyi inayamba ndi Jackie Robinson mu 1947, ndipo kuyambira 1987 imatchedwa ndi dzina lake. Robinson anali ndi zaka 28, atasewerapo kale m'ma Negro Leagues, ma ligi a anthu akuda a nthawi ya tsankho, ndipo angapo amene anapata pambuyo pake anachokeranso komweko ali akuluakulu kale. Kuyambira pa chiyambi, funso linali lakuti ndiwe watsopano kuno kapena ayi, osati ndiwe mwana kapena ayi. Gift Ngoepe wa ku South Africa, amene pa 26 Epulo 2017 anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu MLB, anali ndi zaka 27 ndipo anali atakhala zaka zambiri m'ma ligi ang'onoang'ono a Pittsburgh, koma tsiku limenelo anali rookie ngati wina aliyense.

Nabanda wa ku Bangula:

A Chimwala, kuti anyamata anuwo asamakangane ndi pakamwa pokha, tsegulani tsamba la wosewerayo pa Baseball-Reference. Pamwamba, pafupi ndi tsiku lobadwa ndi tsiku la gemu yake yoyamba, pali mzere wolembedwa Rookie Status, ndipo umatchula nyengo imene anapitirira malire. Nyengo yotchulidwayo ndi yomaliza imene anali rookie, chifukwa anaiyamba asanadutse. Pa Arozarena mupeza 2021. Samalani kuti musaiwerenge ngati nyengo yoyamba imene sanali rookie, chifukwa pamenepo ambiri amasochera ndi chaka chimodzi.

Mudzakumananso ndi dzina limodzi pa mavoti a zaka ziwiri zotsatizana, ndipo si kulakwitsa. Gregg Jefferies wa New York Mets anasewera bwino kwambiri kumapeto kwa 1988 moti ena anamuvotera, koma ma at-bat ake a chaka chimenecho anali 109, ndiye mu 1989 anavoteredwanso n'kutha wachitatu.

Kulakwitsa kwenikweni kunachitika mu 2008. Amene amavota ndi atolankhani a BBWAA, bungwe la olemba nkhani za baseball, awiri pa timu iliyonse ya m'ligi, ndipo atatu mwa iwo analemba Edinson Volquez wa Cincinnati, amene anapambana magemu 17 chaka chimenecho. Anayang'ana kuti ndi nyengo yake yoyamba yathunthu, n'kuiwala kuti ku Texas anaponyako pang'onopang'ono mu 2005, 2006 ndi 2007. Palibe chaka chimodzi mwa zitatuzo chimene anafika ma inning 50, koma kuphatikiza anali ndi 80. Mavotiwo anawerengedwa ndithu, Volquez n'kutha wachinayi pa mphoto imene sanali woyenera kupikisana nawo. Mphotoyo inapita kwa Geovany Soto wa Chicago Cubs.